Kutchova njinga pa Camino de Santiago, kuchokera ku France mpaka ku Santiago de Compostela

Njira ya Camino anthu akhala akuiyenda wapansi kwa zaka zoposa 1,000 kupita ku manda amene amati ndi a mtumwi Yakobo mwana wa Zebedayo, kumpoto chakumadzulo kwa Spain, njinga yangobwera dzulodzuloli. Ndiye chilichonse chimene mukachipeze kumeneko, malo ogona, zizindikiro, tinjira todutsa m'minda, anakonzera munthu wa chikwama kumsana ndi ndodo m'manja. Mu 2024 anthu pafupifupi 500,000 analandira satifiketi yomaliza ulendowu ku Santiago koma a njinga anali ochepa kwambiri mwa amenewo. Inu wa njinga ndinu mlendo panjira ya eni ake, ndipo luso lonse lagona pa kudziwa pamene mungatsate oyenda pansiwo ndi pamene muyenera kuwasiya inu nkulowa mu tala.

1. Sankhani poyambira

Njira zopita ku Santiago zilipo zambiri, ina yochokera ku Portugal, ina ya m'mbali mwa nyanja kumpoto, koma pano tikunena yotchuka ija ya Camino Francés, imene imayambira m'katauni ka Saint-Jean-Pied-de-Port ku France, nkudumpha mapiri a Pyrenees, kudutsa Pamplona, Logroño, Burgos, León ndi Ponferrada. Ndi makilomita pafupifupi 780, kuposa Blantyre mpaka Mzuzu. Oyenda pansi amatha mwezi ndi masiku angapo, pa njinga ambiri amatha masiku 12 mpaka 15 akamapalasa makilomita 55 mpaka 70 patsiku.

Ngati tchuthi ndi chochepa simukuyenera kuyambira ku France ayi. Lamulo la satifiketi ija, imene amaitcha Compostela, ndi lakuti woyenda pansi akwanitse makilomita osachepera 100, wa njinga 200. Nchifukwa chake oyenda pansi amadzadza ku Sarria pomwe a njinga poyambira pawo papafupi ndi Ponferrada, pamene pangopitirira pang'ono 200. Ine ndimaona kuti León ndiye pabwino kwa munthu wa sabata imodzi, ndi makilomita 300 ndi kakuti ndipo mumalawako phiri la Cruz de Ferro lomwe kuliphonya nkutaya.

2. Miyezi

May, June kapena September. July ndi August pa chigwa chachikulu cha Meseta dzuwa limaswa mtengo, madigiri 35 si nkhani, komanso ndi nthawi imene azungu onse ali pa tchuthi ndiye mabedi amavuta. Njira ya pamwamba pa Pyrenees amaitseka kuyambira 1 November mpaka 31 March chifukwa cha chisanu. Dziwaninso kuti chaka chimene 25 July, tsiku la Yakobo Woyera, yagwa Lamulungu chimakhala Chaka Choyera ndipo anthu amachuluka zedi, chotsatira ndi 2027.

3. Mapepala

Wa pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ngakhale South Africa akufunika viza ya Schengen, yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo France ndi Spain, ngakhale mukhale ku UK ndi pemiti yanu yabwinobwino, bola pasipoti ikadali ya kwanu viza ikufunikabe. Mumapempha ku dziko limene mukakhale masiku ambiri, apa ndi Spain olo mukatere ku France. Mtengo wake kwa wamkulu ndi ma euro 90 kuyambira mu June 2024, amafuna inshulansi ya kuchipatala yosachepera ma euro 30,000, tikiti yobwerera, sitetimenti ya ku banki ndi umboni wa kogona. Apa pa kogona ndi pamene pamavuta chifukwa malo ambiri ogona a pa Camino sabukitsa, ndiye lembani pulogalamu ya tsiku ndi tsiku, tauni ndi tauni, mubuke malo a anthu wamba amene amalola kubuka ndi kusintha, muike zonse pamodzi. Amalola kupempha kutatsala miyezi 6, musadikire mwezi womaliza. Pa inshulansipo werengani timalemba ting'onoting'ono tija muone ngati ngozi ya pa njinga ilimo.

Pepala lina ndi kabuku kotchedwa credencial. Mumagula ndi ma euro awiri atatu ku ofesi ya apaulendo ku Saint-Jean, pa Rue de la Citadelle, kapena ku matchalitchi akuluakulu a m'njiramo. Popanda kabukuka simugona m'malo otchipa aja ndipo Compostela simulandira. Paliponse pamene mwagona, mwadya, mwalowa m'tchalitchi, mumadinditsa, ndipo pa makilomita 200 omaliza pamafunika zidindo ziwiri patsiku zokhala ndi deti. Kaikeni m'kapulasitiki chifukwa thukuta ndi mvula ya ku Galicia, chigawo cha Spain kumene kuli Santiago, zimasungunula inki.

4. Njinga yake

Ya mpikisano ya matayala owonda ija isiyeni pokhapokha ngati mwaganiza zoyenda mu tala mokhamokha. Yoyenera ndi mauntenibaiki kapena gravel ya matayala onenepa ndithu, magiya ofewa kwambiri a pa chikweza, mabuleki a disiki ngati nkotheka, ndi kaliyala yolimba kumbuyo yopachikapo zikwama ziwiri za m'mbali. Chikwama cha kumsana ayi, pofika tsiku lachitatu mapewa ndi matako zimakhala zikulira limodzi.

Kunyamula yanu pa ndege kumatheka koma ndi chintchito, muichotse mapedulo, mupinde handulo, muphwetse matayala pang'ono, muilowetse m'katoni, mulipire, kenako muvutike nayo pa sitima chifukwa masitima othamanga a ku Spain salola njinga yosapakira. Ambiri ochokera kutali amangobwereka. Kuli makampani amene amakutumizirani njinga ku hotelo ya poyambira ili ndi zikwama ndi zida zomwe, inu nkukaisiya ku Santiago. Mukatero bweretsani chishalo chanu chimene thupi linazolowera, ndi mapedulo ngati mumavala nsapato zokolekera.

Musanatsike nayo paliponse, finyani buleki iliyonse payokha muone yakutsogolo ili dzanja liti. Ku Spain ndi ku France yakutsogolo imakhala kumanzere, pomwe njinga zambiri za ku UK ndi zimene tinakulira ife imakhala kumanja. Zimaoneka zazing'ono mpaka tsiku limene galu wadumphira kutsogolo pa mtsetse dzanja nkugwira mwachizolowezi.

Zida: machubu awiri, zigamba ndi sulushoni, pampu, totsegulira tayala, ma Allen key, kolumikizira tcheni, oilo wa tcheni, mabuleki apadera, loko, magetsi kutsogolo ndi kumbuyo, ndi belu. Belu musaiwale, tikambanso. Mashopu a njinga ali m'matauni akuluakulu onse koma amatseka masana cha m'ma 2 mpaka 5 ndipo Lamulungu musayembekeze kanthu.

5. Katundu ndi kukonzekeretsa thupi

Makilo 10 akhale malire. Makabudula awiri a siponji, malaya awiri atatu ouma msanga, jekete ya mvula, juzi imodzi yofunda chifukwa m'mapiri m'mawa kumazizira ngakhale mu June, magolovesi, chogonera chopepuka, thaulo laling'ono, masilipasi, Vaseline, sopo mmodzi wosambira ndi kuchapira, totseka m'makutu. Mumachapa madzulo aliwonse basi. Tenti siyofunika, kugona patchire ku Spain malamulo ake ndi ovuta ndipo midzi ili pafupipafupi.

Thupi liyambeni miyezi itatu isanakwane. Chimene chimagwetsa anthu si kutalika kwa tsiku limodzi koma kudzuka mawa lake nkukweranso pa chishalo chomwecho, ndiye muziyeserera masiku awiri atatu otsatizana, zikwama zili zodzadza. Ndipo mupeze phiri lenileni, amene muli ku Zomba msewu wokwera ku Ku Chawe uja ukukwanirani.

6. Tsiku loyamba, Pyrenees

Kufika ku Saint-Jean ambiri amakwera kasitima kochokera ku Bayonne, ulendo wa ola limodzi, ena amadzera ku Pamplona nkukwera basi. Pochoka pali njira ziwiri zopita ku Roncesvalles. Ya Napoléon ndi makilomita 25, imakwera kuchoka pa mamita osakwana 200 kufika pa 1,400 ndi kakuti, kokongola koopsa, nkhosa ndi mahatchi ali mbwee m'mapiri, koma makilomita 8 oyamba kufika ku Orisson ndi oimirira moti ambiri amatsika nkumakankha, ndipo kukagwa nkhungu simuona ngakhale tayala lanu. Ina ndi ya Valcarlos, msewu wa tala wokwera pang'onopang'ono mpaka pa Ibañeta, mamita 1,057. Ngati muli ndi katundu ndipo ndi ulendo woyamba tengani ya Valcarlos, palibe amene adzakufunseni ku Santiago kuti munadzera iti. Mukasankha ya Napoléon, pofika pamwamba musatsike kanjira ka m'nkhalango ka oyenda pansi, tengani kamsewu kotsikira ku Ibañeta.

Kumbukirani kuti kuno amayenda kumanja. Pa msewu wodzadza simuiwala chifukwa magalimoto amakukumbutsani, poopsa ndi m'mawa pochoka pogona msewu uli zii, kapena pa raundabauti. Ku Spain chisoti ndi lamulo kunja kwa tauni. Madalaivala lamulo limawauza kusiya mita imodzi ndi theka podutsa njinga ndipo ambiri amatsatiradi. Nambala ya ngozi ndi 112.

Mukamatuluka mu Roncesvalles pali chikwangwani cholembedwa Santiago de Compostela 790, aliyense amajambulitsa pamenepo, musachite nacho mantha ngakhale nambalayo ikuposa 780 uja.

7. Mivi yachikasu, ndi poisiya

Njira yonse ili ndi mivi yachikasu yopakidwa pa miyala, pa makoma, pa mapolo a magetsi, pamodzi ndi chizindikiro cha chigoba cha m'nyanja. Anayambitsa ndi wansembe wa ku O Cebreiro, bambo Elías Valiña, m'zaka za m'ma 1980. Kusochera nkovuta. Koma miviyo ikuloza kumene phazi lingadutse, sikuti tayala lingadutsenso, ndiye madzulo aliwonse tsegulani mapu pa foni muone za mawa. Malo amene ine ndingakuuzeni kuti lowani mu tala ndi awa.

Kutsikira ku Zubiri kuchoka pa Alto de Erro ndi miyala yosongoka, msewu wa N-135 uli pambali pomwepo. Mukadutsa Pamplona pali Alto del Perdón pamene pali zifanizo zachitsulo za apaulendo ndi makina a magetsi a mphepo, kukwera mutha kulimbana nako koma kutsika kwake ndi miyala yobulungira yosakhazikika, anthu amathyoka mikono pamenepo, tsikani ndi msewu mukakumane nayo njira kutsogolo ku Puente la Reina pa mlatho wakale wa zaka za m'ma 1000. Ku Irache, mutangodutsa Estella, kuli mpopi wa vinyo waulere pakhoma la fakitale, lawani pang'ono chabe, apolisi a ku Spain amayeza mowa ndi a njinga omwe.

Kuchoka Logroño kudutsa minda ya mphesa ya La Rioja njira ndi yabwino. Imani ku Santo Domingo de la Calzada mulowe m'tchalitchi, muli khola la tambala ndi thadzi amoyo, oyera, m'kati mwenimweni mwa tchalitchi, chifukwa cha nthano yakale ya mnyamata amene anapachikidwa osalakwa nkhuku yowotcha nkulira pa mbale ya woweruza.

Burgos mpaka León, makilomita pafupifupi 180, ndi Meseta, minda ya tirigu kufika kumene maso alekezera. Oyenda pansi ambiri amadana nayo ena mpaka amakwera basi, koma kwa njinga ndi pamene mumabweza masiku, makilomita 90 patsiku amatheka ngati mphepo sikuchokera kutsogolo, ndipo nthawi zambiri imachokeradi kumadzulo kumene mukulowera, ndiye nyamukani m'mamawa isanadzuke. Mutangodutsa Castrojeriz pali chikweza chachifupi koma chowawa cha Mostelares. Kuchoka Carrión de los Condes kufika Calzadilla de la Cueza ndi makilomita 17 opanda mudzi, dzadzani mabotolo. Mipopi ya m'midzi madzi ake ndi abwino kupatula yolembedwa no potable. Mvula ikagwa pa Meseta dothi lake limamata matayala mpaka kuleka kuzungulira, tsiku lotero N-120 ndi mnzanu.

8. Belu ndi ulemu

Taganizani munthu wayenda masabata atatu, mapazi ali matuza okhaokha, akuyenda mutu uli pansi mwina akupemphera kolona mwina ali ndi mahedifoni, inu nkumudutsa fyuu osanena kanthu. Nchifukwa chake oyenda pansi ena samatifuna ife a njinga. Lizani belu muli patali, chepetsani liwiro, dikirani atembenuke chifukwa gulu la anthu asanu likamva belu awiri amathawira kumanja awiri kumanzere wina nkuima pakati, kenako dutsani pang'onopang'ono nkunena Buen Camino, moni wa panjirayi. Pa tinjira topapatiza tsikani. Kuyambira ku Sarria anthu amachuluka ngati akupita ku msonkhano, ana asukulu, magulu a ma parishi, ndiye kapena munyamuke mochedwa iwo atapita kale nkumawapeza atamwazikana, kapena mugwiritse ntchito msewu.

9. Kogona ndi chakudya

Malo ogona apaulendo amatchedwa albergue, chipinda chachikulu cha mabedi osanjikiza. Alipo a khonsolo, a parishi amene ena mumangoponya m'bokosi zimene mungathe, ndi a anthu wamba. Aboma ku Galicia ndi ma euro 10, a anthu wamba amakwererapo. M'ma albergue aboma oyenda pansi ndiwo oyamba kupatsidwa bedi, wa njinga atha kuuzidwa kuti adikire mpaka madzulo, poti inu mukakanidwa mutha kupalasa makilomita ena 10 pomwe mnzanu wa matuza uja sangathe. Nzomveka. Ndiye njira yake ndi kuimbira albergue ya munthu wamba masana, kufunsa bedi ndi kufunsanso ngati ali ndi posungira njinga, ambiri ali ndi garaja kapena bwalo lotseka.

Mukafika mumavula nsapato pakhomo, mumaonetsa pasipoti ndi credencial, amadinda, amakupatsani kansalu kopyapyala koyala pa matilesi. Musanayale yang'anani m'mphepete mwa matilesi ngati muli timadontho takuda, nsikidzi ziliko ndithu ku Ulaya, ndipo zikwama musaike pabedi. Magetsi amazima 10 koloko, kenako kuyamba mkonono wa mayiko onse, 5 koloko ena ayamba kale kusokosa ndi mapulasitiki, pofika 8 aliyense akhale atatuluka. Usiku umodzi basi pamalo amodzi pokhapokha mukudwala.

Chakudya chamadzulo chotchipa ndi menú del peregrino, mbale ziwiri, buledi, vinyo kapena madzi ndi kotsekemera, ma euro 12 mpaka 15 m'malo ambiri. Vuto ndi nthawi, anthu a ku Spain amadya usiku kwambiri ndipo malesitilanti ena satsegula khitchini isanakwane 8, ndiye muzikhala ndi nthochi, mtedza ndi buledi m'chikwama. M'mawa bala iliyonse ili ndi khofi wamkaka ndi tortilla, chikate cha mazira ndi mbatatesi, chimenecho chimakufikitsani masana. Muzisunga makobidi ndi ma euro apamanja, timidzi tina khadi sagwira.

10. Mapiri awiri omaliza

Mukachoka Astorga msewu umakwera mofatsa kudutsa Rabanal ndi Foncebadón mpaka pa Cruz de Ferro, mamita 1,500, pamwamba kwambiri pa njira yonse. Ndi kamtanda kachitsulo pamwamba pa mtengo wautali, pansi pake mulu wa miyala imene apaulendo amabweretsa kuchokera kwawo nkusiya pamenepo. Ngati mukufuna kutero tolani kamwala kakang'ono kumudzi musananyamuke. Ena amalira pamenepo, apatseni mpata musanayambe ma selfie.

Kutsika kwake ndiye malo oopsa kuposa onse kwa wa njinga. Kuchoka pamwamba kufika Molinaseca mumatsika mamita pafupifupi 900, kanjira ka oyenda pansi musakayese nkomwe, khalani mu tala wa LE-142, ndipo ngakhale mu talamo makona ndi akuthwa, njinga yolemedwa imathamanga yokha. Gwirani mabuleki onse awiri mofinya ndi kusiya, osangokanikiza mpaka atenthe, imani kangapo azizire. Msewu umalowa pakati penipeni pa mudzi wa El Acebo, nyumba za miyala uku ndi uku, pansi poyalidwa miyala ndi ngalande pakati, ndipo potulukira pafupi ndi manda pali chipilala cha njinga yachitsulo chokumbukira munthu wa ku Germany amene anafera pamenepo pa njinga mu 1987.

Ponferrada ili ndi linga lalikulu la asilikali a Templar, kenako Villafranca del Bierzo, kenako chikweza cha O Cebreiro polowera ku Galicia, mamita 1,300. Mukadutsa Las Herrerías njira imagawikana, oyenda pansi amalowera ku La Faba m'kanjira ka miyala ndi ndowe, a njinga pali chizindikiro chawo cholozera mu tala wodzera La Laguna. Tsatani chimenecho, giya yofewa, mutu pansi. Pamwamba pali tinyumba tozungulira tofolera udzu ndi tchalitchi chakale kumene anaikidwa bambo Valiña aja. Musasangalale msanga, kutsogolo kuli Alto de San Roque ndi Alto do Poio musanayambe kutsikira ku Triacastela. Pamenepo sankhani njira yodzera ku Samos, ndi yotalikirapo pang'ono koma yabwino kwa njinga ndipo muona nyumba ya amonke yaikulu zedi.

Galicia pa mapu imaoneka ngati yatha kale koma ndi kukwera ndi kutsika kosalekeza, Portomarín, Palas de Rei, Melide kumene aliyense amaima kudya pulpo, nyama ya m'nyanja ya miyendo 8 yowiritsa yothira tsabola wofiira pa mbale yathabwa, kenako Arzúa. Mvula nthawi iliyonse, ng'ombe panjira, ndiye makilomita 50 a kuno muwawerenge ngati 70 a pa Meseta.

11. Santiago

Pa Monte do Gozo mumayamba kuona nsanja za tchalitchi. Mukalowa m'tauni yakale tsikani muzikankha, mudutse pa kakhonde kamene nthawi zambiri pamakhala woimba chitoliro cha thumba, nkutulukira pa bwalo la Obradoiro. Ofesi ya Compostela ili pa Rúa Carretas 33, mumalembetsa pa foni, mumatenga nambala, amayang'ana zidindo zanu makamaka za makilomita 200 omaliza. Compostela ndi yaulere, yolembedwa m'Chilatini, ya amene ayenda pa zifukwa za chipembedzo kapena zauzimu, ndipo pali ina yolipira pang'ono yosonyeza makilomita amene mwayenda.

Misa ya apaulendo yodziwika ndi ya 12 koloko masana, fikani msanga, zikwama zazikulu salola m'tchalitchi ndiye njinga ndi katundu musiye kogona kapena kosungitsa. Chofukizira lubani chachikulu chija, Botafumeiro, cholemera makilo oposa 50 chimene amuna 8 amachikoka ndi chingwe, sachiyendetsa Misa iliyonse, ndi pa masiku akuluakulu kapena gulu lina likalipira.

Njinga yobwereka mumakaisiya kumene kampani inakuuzani. Ngati ndi yanu, a positi a Correos ali ndi ntchito yotchedwa Paq Bicicleta, amakupatsani katoni nkuitumiza, ofesi yawo ili pa Rúa do Franco pafupi ndi tchalitchi. Miyendo ikakhala kuti ikadali ndi mphamvu ndipo viza ikulola, Finisterre ili makilomita 90 kutsogolo m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic, masiku awiri opalasa mosathamanga, credencial yomweyo imagwira ntchito, ndipo kuchokera kumeneko kuli mabasi obwerera ku Santiago, mungofunsiratu za malo a njinga pogula tikiti.